Mmene a Kwenda Anapezera Mbale ku Banki

Inu, tamverani. Kombi iyi sinyamuka msanga, dalaivala wake akadali kutafuna chimanga uko, ndiye tasenderani kuno ndikuuzeni za a Macdonald Kwenda a ku Nguboyenja. Mukuwadziwa, musachite ngati alendo. Bambo aatali aja opuma pantchito ya njanji, oyenda ndi ambulera ngakhale mu Ogasiti, amene ukawapatsa moni wa "Salibonani" amakuyankha m'Chichewa chokhachokha kuti udziwe kuti m'Bulawayo muno muli anthu ena amene ali ndi kwawo.

Kwawoko, ndikunong'onezeni, sanapondeko. Anabadwira ku Mpilo pompa, sukulu anaphunzira ku Mzilikazi, njanji anaigwirira zaka makumi atatu ndi zisanu. Amene anachokera ku Malawi ndi bambo awo, kwa Chinkhuti kuseri kwa Linthipe, ndipo anatchona mpaka kuikidwa konkuno. Koma mukanawamva a Kwenda akufotokoza za Dedza, mukanaganiza kuti phiri lija analiunjika okha ndi wilibala.

Chimene chinkawadya mumtima chinali m'nyumba mwawo momwe. Akazi awo, a Nomalanga, ndi Mndebele wa ku Tsholotsho. Ana Chichewa amachimva bwinobwino, koma kuchiyankhula ayi. A Kwenda akati, "Erica, tandipatsako madzi akumwa," Erica amati, "Yebo baba." Madzi amabwera ndithu, ozizira, m'kapu yotsuka, koma bambo amamwa ali ndwii ngati awamana.

Ndiye chaka chatha anaima m'tchalitchi n'kulengeza kuti akupita kumudzi. Zaka zinayi anakhala akusunga ku banki ndalama za lendi ya kachipinda kawo kakuseri, osadyako ngakhale ya fanta, ndipo tsopano zinali zitakwana. Inu mukudziwa mwambo wathu kuno: munthu akati akupita kumudzi, sapita yekha. Pasanathe sabata, pabalaza pa a Kwenda panalibe popondapo. Mabulangete, nsapato, mapoto, zithunzi za adzukulu, makalata olembedwa ndi manja onjenjemera opita kwa abale amene mwina anamwalira kalekale. Nkhalamba zinkabwera ndi ndodo kuchokera ku Makokoba, ku Thorngrove, mpaka ku Luveve, aliyense ndi kaphukusi kake, ndipo a Kwenda ankalandira atakhala pampando ngati kazembe. Ulendo unatsala masiku asanu ndi anayi. Tikiti anali asanagule, poti ankadikira kuti mwina mtengo wa basi utsika. Basi itsike mtengo chifukwa a Kwenda akudikira! Choncho ndalama zonse zinali zikadali mu akaunti.

Erica, amene ndi namwino ku chipatala cha Thorngrove, ndiye anawaikira za banki pafoni kuti asamakaime pamzere m'tauni. Atamaliza anawakhazika pansi, nayesetsa Chichewa chake chotsimphina chija.

"Baba, lalelani. Banki siyifunsa pini. Banki siyifunsa manambala obwera pa meseji. Umuntu akaimba kuti ndi wa banki, mudule foni, muimbe nokha nambala ili kuseri kwa khadi. Liyezwa?"

"Iwe mwana," anatero a Kwenda, "ine zaka zonse zija ku njanji palibe anandiberapo ngakhale sipanala. Ukufuna kundiphunzitsa za akuba iwe, amene ndinakusambitsa m'beseni?"

Ndipo poyamba zinkaoneka ngati akunena zoona. Kunabwera meseji yoti akaunti yawo yatsekedwa, adine apa kuti itseguke. Sanadine. Iwo amati inali nzeru, ine ndimati analibe bandulo. Kenako kunaimba mwamuna wina m'Chindebele, akulira kuti watumiza ndalama za maliro kwa iwo molakwitsa, amubwezere. A Kwenda anamuyankha m'Chichewa chozama, chokhala ndi mawu amene ngakhale ku Dedza komweko anasiya kuwagwiritsa ntchito, mpaka munthuyo anadula yekha.

Pamenepo mutu unakula. Anatenga foni n'kujambula mawu a mphindi zisanu ndi ziwiri, n'kuponya pa gulu lathu la pa WhatsApp lija la Ana a Kumudzi, mmene muli anthu mazana awiri ndipo theka lake palibe akuwadziwa. Anachenjeza mtundu wonse za atsotsi. Anati iwo, Macdonald Kwenda, mwana wa kwa Chinkhuti, sapusitsidwa. Anatchula banki yawo, nthambi yake, tsiku lonyamuka, nati ndalama za ulendo zili phee ndipo wakuba amene angazikhudze sanabadwe. Ife tinaponya timanja towomba tija. Tikanatani?

Tsopano linafika Lachinayi. Magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha. A Nomalanga anavala bulauzi yawo yoyera n'kupita ku Mvano, atanyamula Baibulo ndi magalasi. Magalasi m'nyumbamo ndi amodzi, chifukwa a Kwenda atamva mtengo wake anagamula kuti mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi, sangafune magalasi awiri. Cha m'ma teni koloko foni inalira.

Mawu a mwamuna wodekha anayamba m'Chingerezi. Anati ndi Simeon, wa ku ofesi yoteteza makasitomala ku banki. A Kwenda anali atakonzeka kale kumutafuna, pamene munthuyo anaima kaye, natsitsa mawu.

"Pepani bambo, mundikhululukire. Ndaona dzina lanu pa kompyuta pano. Kwenda. Kodi kapena ndinu a kumudzi?"

Inu, Chichewa chake! Chosalala, chopanda Chindebele ngakhale kadontho, chaulemu ngati cha mkamwini wofika kumene. A Kwenda anangomva mtima kuti myaa. Anakhala pansi pa phukusi la mabulangete a eni.

"Ndine wa kumudzi, mwana wanga. Wa ku Dedza."

"Ayi zoona? Dedza yake iti, bambo?"

Ana a masiku ano mukakumana mumafunsana za mpira wa Lamulungu ku Barbourfields. Ife ayi. Anthu awiri a kumudzi akakumana kuchilendo, nkhani siyamba asanapezane chibale. Kwanu n'kuti, mfunda wanu ndani, mayi anu ndi mwana wa yani. Mumakumba mpaka mupeze pamene mizu yakumana, ndipo kukana kuyankha ndi mwano waukulu. Simeon mwambo umenewu ankaudziwa kuposa abusa.

"Kwa Chinkhuti? Kuseri kwa Linthipe? Bambo, musandilize pantchito pano. Mayi anga ine ndi Nakwenda, a chakomweko!"

"Nakwenda? Ndiye kuti ndi mlongo wanga ameneyo!"

"Ndiye kuti ndinu malume! Ha, Mulungu uyu. Malume, nanga agogo, mayi anu, anali a kwa yani? Dzina lawo la kuutsikana?"

"Angelina Nachisale. Mayi wamtali, woyera, woimba kwaya."

"Nachisale. Ndikulemba kuti ndikawauze mayi, akasangalala. Nanga munabadwa liti, malume, ndidziwe ngati ndinu aakulu kwa mayi kapena aang'ono?"

A Kwenda anatchula tsiku, mwezi, chaka, mpaka anawonjezera kuti kunagwa mvula ya matalala.

"Aakulu ndinu. Koma malume, chitupa chanu anakukonzerani? Anthu athu ambiri akuyendabe ndi zitupa zija zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko lomwe anabadwira. Zimandiwawa ine."

Apo anakanda penipeni poyabwa. A Kwenda analongosola mizere yonse imene anaima kuti chitupa chikonzedwe, ndipo pofuna kutsimikiza kuti chinakonzedwadi, anatchula nambala yake yonse pamtima, osaphonya ngakhale chilembo. Anthu awiriwa anacheza pafupifupi theka la ola. Za mbatata za ku Dedza, za kuzizira kwa mu Juni, za ana a kuno amene ataya chiyankhulo. A Kwenda anali asanachezepo chonchi chimwalirireni bambo awo, ndipo misozi inalengeza m'maso.

"Malume, chimene ndaimbira n'chakuti pali atsotsi akuyesa kulowa mu akaunti yanu lero lomwe lino. Ndikufuna ndiikepo loko wapadera. Ena timawalipiritsa, koma inu ndikuchitirani ulere, bwana asadziwe."

Ulere! Mawu amenewa kwa a Kwenda ndi okoma kuposa nyimbo. Komabe anakumbukira kuti iwo ndi munthu wochenjera.

"Koma pini sindikupatsa, Simeon."

"Musayerekeze, malume! Pini musauze munthu, ngakhale ine amene. Ine ndingotumiza timanambala tisanu ndi kamodzi pa meseji, mundiwerengere, loko atsekeke. Koma changu, timafa pakatha mphindi zisanu."

Mwaona mwana woleredwa bwino? Akukana yekha pini! Foni inati tii. A Kwenda anaiyang'ana pafupi, anaiyang'ana patali, anaitembenuzira kuzenera. Manambala ankangooneka ngati nyerere zoyenda. Magalasi anali ku Mvano, akuwerenga Mawu a Mulungu.

Anatuluka liwiro kupita kumpanda. Oyandikana nawo nyumba ndi a Hector Sakala, a ku Chipata, amene akhala nawo zaka makumi atatu akukangana kuti Chichewa chenicheni ndi cha ndani. Anawapeza akuthirira chomoliya ndi madzi otsukira mbale, magalasi ali pamphuno.

"A Sakala, tandiwerengereni manambala awa, msanga."

A Sakala anapukuta manja pathalauza, natenga foni, nayamba kuwerenga kuyambira pamwamba ngati kalata ya boma.

"Manambala okhawo, bambo!"

"Imani, imwe. Apa alemba kuti nambala iyi musauze munthu aliyense, ngakhale wogwira ntchito ku banki. Afuna nambala ni ndani?"

"Mwana wa mlongo wanga. Amagwira ku banki komweko."

"Mlongo? Imwe muli na mlongo? Zaka zonsezi munamubisa kuti?"

"Ndamudziwa lero."

"A Kwenda, uyu ni kawalala."

"Kawalala? Chichewa chimenecho? Timati wakuba, a Sakala, wakuba! Muzikhoza kaye chiyankhulo musananyoze abale a anzanu."

Simeon, amene ankamva zonse, anaitana kuchokera m'foni muja. A Kwenda analanda foni n'kuiika kukhutu.

"Malume, akuyankhulawo ndani? Samalani. Kuno ku ofesi timaona zambiri. Amene amabera okalamba kawirikawiri amakhala anthu oyandikana nawo nyumba."

A Kwenda anawayang'ana a Sakala kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu amene ananyamula nawo bokosi la bambo awo, amene amawabwereka makwerero chaka ndi chaka, lero anaoneka ndi maso ena. Anakumbukira kuti mu 2008 khasu lawo linasowa ndipo silinapezeke. Anabwerera m'nyumba osatsanzika, n'kukhoma chitseko. Mphindi zisanu zinali zitatha.

"Palibe kanthu malume, nditumiza ena. Pezani magalasi."

Foni inalira kulira kwina, kodandaula. Batire. Magetsi kulibe. A Kwenda anavala nsapato zawo zatsopano, zofiirira, zimene anagulira ulendo kuti anthu a kwa Chinkhuti akaone kuti mwana wawo sanavutike kunja, natenga ambulera, nauyamba wapansi wa ku Barbourfields, kumene kuli wometa wina wokhala ndi sola. Wometayo anati kutchaja ndi dola imodzi. A Kwenda anati dola yonse chifukwa cha dzuwa la Mulungu? Anakangana mphindi khumi, wometa osasunthika, mpaka anapereka dolayo ngati akuzula dzino. Anaima pafupi ndi soketi atagwira foni ndi manja awiri, akuyang'ana aliyense wolowa ngati ndi a Sakala.

Batire itangodzuka pang'ono, Simeon anaimbanso.

"Malume, atsotsi aja afika pakhomo penipeni. Muli pati?"

"Ndikupita kutchalitchi kukatenga magalasi, mwana wanga. Usadule."

Anadutsa njira yachidule ya kuseri kwa bwalo la mpira, foni kukhutu, maso kumwamba, akumufotokozera Simeon mmene bambo awo anawolokera Zambezi. Pamenepo n'kuti paipi itaphulika chakumtunda, madzi atadzaza m'ngalande, pamwamba pake pataphimbidwa ndi mapepala ndi fumbi. Inu, munthu wamtali akagwa amagwa nthawi yaitali. Mwendo wakumanja unalowa mpaka m'bondo, ambulera inauluka, koma dzanja la foni linakhala m'mwamba ngati la munthu wolumbira kukhoti. Amayi ogulitsa tomato anathamanga kudzawazula. Mwendo unatuluka, nsapato inatsala. Anaifufuza ndi ambulera, osaipeza. Manambala achiwiri anafika ali m'matope momwemo, ndipo anafera momwemo.

"Malume," anatero Simeon, ndipo tsopano ankapuma ngati munthu wokankha galimoto, "kodi kutchalitchiko ndi ku Harare?"

"Ndafika, ndafika. Iwe mtima wako ndi wa kwathu ndithu, wachangu ngati agogo ako."

M'tchalitchi munali amayi okwana makumi anayi, onse oyera mbee, ndipo kutsogolo kunaima a Nomalanga, akuwerenga Masalimo mwakachetechete, magalasi pamphuno. Chitseko chinatseguka. Analowa mkulu wa mpingo Macdonald Kwenda, phazi limodzi nsapato, lina sokosi yamatope, akusiya zidindo pasimenti imene amayiwo anali atangokolopa. Anayenda mpaka kutsogolo, nawerama pang'ono kupereka ulemu kuguwa, nachotsa magalasi pankhope pa akazi awo pakati pa vesi.

"SekaErica! Kwenzenjani?" anakuwa a Nomalanga m'Chindebele, kufunsa bambo a Erica chimene chagwa.

"Nkhani za kubanja kwathu, mayi. Pitirizani pamtima."

Anatuluka. A Nomalanga anasiya Baibulo n'kuwatsatira mpaka pansi pa mtengo wa jakaranda panja, amayi ena ali m'mazenera. A Kwenda anafotokoza mwachidule: banki, atsotsi, loko waulere, mwana wa mlongo.

"Mlongo uti? Ine ndakhala nanu zaka makumi atatu ndi zitatu, mlamu ameneyo sindinamuphikirepo tiyi. Imbirani Erica kaye."

"Erica ndi namwino. Amadziwa za chifuwa, osati za banki."

Foni inati tii kachitatu. A Kwenda anavala magalasi, ndipo dziko linayera. Manambala anaoneka bwinobwino, akuluakulu. Pamwamba pake panaonekanso mawu aja anawerenga a Sakala, m'zilembo zazikulu, oti asauze munthu aliyense, ngakhale wa ku banki. Ndipo ndinene zoona, pamenepo anayamba kukayika.

"Simeon, apa alemba kuti ngakhale wa ku banki."

Mawu a Simeon anabwera ofewa, osweka.

"Zoona malume, alemba choncho. Ngati mukundikayikira, siyani, sindikukakamizani. Ine ndimangoti ndithandize magazi anga. Madzulo ano ndikaimbira mayi, ndikawauza kuti mlongo wanu uja ndinamupeza ku Bulawayo, koma anandiyesa wakuba."

Inu, mukanatani? Musayankhe, ndikudziwa kuti nonse pano ndinu anzeru, mukanadula foni. Koma a Kwenda anaona mudzi wonse wa Chinkhuti utakhala pansi pa mtengo, ukumva kuti mwana wa mtchona uja wakana mbale wake asanafike n'komwe. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu.

"Ayi mwana wanga, usatero. Lemba."

Anawerenga manambala onse asanu ndi imodzi, pang'onopang'ono, momveka bwino ngati akulengeza nyimbo. A Nomalanga anayesa kulanda foni, iwo anatembenuka n'kuwatchinga ndi ambulera. Atamaliza anabwerezanso kachiwiri, kuopa kuti mwana angalakwitse.

"Zikomo malume. Loko watsekeka. Mupereke moni kwa azakhali. Muyende bwino kumudzi."

A Kwenda anatsitsa foni, nayang'ana akazi awo mwachipambano. "Mwamva? Akupereka moni. Ana anu inu anayamba aperekapo moni wotere?"

Foni inati tii. Inatinso tii. Inatinso tii. Popeza magalasi anali pamphuno, sanafune wowawerengera. Meseji iliyonse inkawathokoza mwaulemu chifukwa chotumiza ndalama kwa anthu amene sanawamvepo. Anaimba nambala ya Simeon. Mayi wa m'foni uja anati nambalayo sikupezeka. Anaimbanso. Mayiyo sanasinthe maganizo.

"Mwina loko akamatsekeka zimatero," anatero a Kwenda ndi mawu aang'ono.

A Nomalanga analowa m'tchalitchi, natenga chikwama chawo, nabwereka masilipasi a mlonda, nawaponya pamapazi pa amuna awo. "Valani. Tiyeni ku banki."

Ku banki m'tauni anawalandira mayi wina wachifatse, dzina lake pachifuwa lolembedwa kuti Sithembile. Anatseka akaunti nthawi yomweyo, ngakhale munali mutatsala zongokwana kombi yobwerera. A Kwenda anafunsabe ngati angaonane ndi Simeon wa ku ofesi yoteteza makasitomala.

"Kuno kulibe Simeon, baba. Tsiku lanu lobadwa munamuuza?"

"Amafuna adziwe wamkulu ndani."

"Nambala ya chitupa?"

"Imeneyo ndinanena ndekha."

"Dzina la mayi anu la kuutsikana?"

"Anafunsa mwaulemu."

"Baba, amenewo ndi mafunso omwe ife timafunsa kuti titsimikize kuti ndinu. Iye anawatenga, nadzisandutsa inuyo, n'kusamutsira akaunti yanu pafoni yake. Chimene chinkamusowa ndi manambala aja basi. Pini sanaifune chifukwa anaika yake."

"Koma pini sindinamupatse," anatero a Kwenda, akuwongola khosi.

"Munachita bwino, baba," anatero Sithembile, ndipo ndikhulupirira mayi ameneyu adzalowa kumwamba. "Koma banki siimbira munthu kumufunsa manambala a pa meseji. Wina akatero, dulani, muimbe nambala ili kuseri kwa khadi lanu. Palibe anakuuzanipo zimenezi?"

"Mwana wanga ananena."

"Nanga bwanji simunamumvere?"

A Kwenda anayang'ana masilipasi a mlonda. "Ananena mosakaniza ndi Chindebele."

Analemba mafomu, anapita kupolisi, anauzidwa kuti afufuza koma asayembekezere zambiri. Erica atabwera kuchokera kuntchito anamvera mawu aja a mphindi zisanu ndi ziwiri pa gulu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, bambo ake ali pomwepo. Sanakalipe. Anangoti, "Baba, munamulembera mapu." Kenako anawaphikira tiyi. A Kwenda akanakonda akanawakalipira, chifukwa tiyi ameneyo anawawa pommeza.

Ndalama zinapita, ulendo unafa. Koma pabalaza panali pakadali podzaza ndi katundu wa eni, ndipo katundu wa eni sagona m'nyumba ya munthu amene sakupita. Loweruka m'mawa a Kwenda anagogoda kwa a Sakala kukabwereka ngolo yokankha ija timaitcha sikaniya. A Sakala anaitulutsa, anaipopa matayala, anathandiza kukweza mitolo. Pomaliza anangofunsa kuti, "Mlongo ali bwanji?"

Anayenda khomo ndi khomo. Ku Nguboyenja, ku Mzilikazi, ku Makokoba, kazembe wathu akukankha ngolo dzuwa lili pamutu. Pakhomo lililonse ankavula chipewa n'kufotokoza nkhani yomweyo, ndipo nkhaniyo sinkafupika. Ena anawamvera chisoni. Ena analandira phukusi lawo n'kulimasula pomwepo kuti aone ngati zonse zilimo. Mayi wina anawauza kuti iye anadziwa kale, munthu woyenda ndi ambulera mu Ogasiti sangafike ku Malawi.

Phukusi lomaliza linali laling'ono, jekete lokulungidwa m'nyuzipepala ndi kalata pamwamba. Mwini wake anali a Ezra Mbewe a ku Thorngrove, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi anayi imene inabwera kuno ikadali mnyamata kudzagwira m'migodi, ndipo sinabwererenso. Anawapeza atakhala pakhonde, akuwotha dzuwa la madzulo, maso atachita mtambo.

"Ndani? A Kwenda? Mwabwerako kale? Mng'ono wanga Jameson mwamupeza? Jekete lamukwana?"

Pa makomo onse aja a Kwenda anali ndi manyazi, koma pano anamva chisoni chenicheni. Anakhala pansi pasitepe, naika phukusi pamiyendo pa nkhalambayo, nafotokoza zonse osadzikometsera. Foni, chibale, magalasi, ngalande, manambala. A Ezra ankamvetsera akusisita nyuzipepala ija ndi zala.

"Dziko laipa," anatero pomaliza. "Kubera munthu wopita kwawo. Tsotsi ameneyo Mulungu amuone."

"Amuone ndithu, bambo."

"Mwati mayi ake ndi Nakwenda?"

"Anatero. Mwina linali bodza."

"Wa ku Linthipe?"

"Anatero."

"Koma Chichewa chake chinali chabwino?"

A Kwenda anapumira m'mwamba. "Bambo, musanene. Ngati mwatsegula wailesi ya kumudzi."

A Ezra anayang'ana kumsewu kumene sankakuona. Kenako anasendera pafupi, natsitsa mawu kuti mpongozi wawo m'nyumba asamve.

"Wakuba ndi wakuba, zimenezo sitikana. Komatu ku Linthipe ndi kufupi ndi kwathu. Nambala yake mukadali nayo? Ndingomufunsako ngati Jameson ali moyo."

Ndipo inu, tamverani, a Kwenda anapisa dzanja m'thumba.